Mafunso ndi Mayankho: Mmene Thupi Limasungira Chitetezo ku Matenda Amene Linalimbana Nawo

Munthu amene anadwala chikuku ali mwana sadwalanso matendawa, ngakhale atakalamba n'kumalera zidzukulu zodwala chikuku chomwecho. Koma chimfine chimatigwira chaka ndi chaka. Kusiyanaku kumachokera ku maselo a chitetezo cha m'thupi: angati amafa matenda akatha, angati amatsala, ndiponso otsalawo amakhala kuti.

Kodi pali umboni wotani woti thupi limasunga chitetezo kwa zaka zambiri?

Anthu anaziona kalekale, asanadziwe n'komwe kuti kuli maselo. Mliri utagwa mumzinda wa Athens mu 430 BC, wolemba mbiri Thucydides, yemwe nayenso anadwala n'kuchira, analemba kuti amene ankasamalira odwala mopanda mantha anali anthu ochira, chifukwa nthendayo sinkapha munthu amene inamugwirapo kale.

Umboni womveka bwino kwambiri unachokera kuzilumba za Faroe, kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Chikuku chinafika kumeneko mu 1781, kenako chinazimiririka kwa zaka 65. Chitabweranso mu 1846 chinagwira anthu pafupifupi 6,000 mwa anthu osakwana 8,000. Dokotala wachinyamata wa ku Denmark, Peter Panum, anayenda mudzi ndi mudzi kufunsa anthu, ndipo anapeza kuti nkhalamba zimene zinadwala chikuku mu 1781 sizinadwalenso. Pazaka zonse 65 zija kachilomboka kunalibe pazilumbazo, choncho panalibe chokumbutsa matupi awo. Chitetezocho chinadzisunga chokha.

Mu 2008 akatswiri anayeza magazi a anthu 32 azaka zapakati pa 91 ndi 101, amene anali ana pa mliri wa fuluwenza wa 1918. Patatha zaka 90, magazi awo anali akuzindikirabe kachilombo ka chaka chimenecho.

Kodi asilikali onse a m'thupi amakumbukira matenda?

Ayi. Maselo oyera a m'magazi alipo amitundu yambiri, ndipo ochuluka kwambiri, otchedwa ma neutrophil, sakhalitsa. Amathamangira pachilonda, kumeza mabakiteriya, n'kufera pomwepo. Mafinya amene mumaona pachilonda, mbali yaikulu ndi ma neutrophil akufa. Moyo wawo ndi wa maola kapena masiku ochepa, n'chifukwa chake mafuta a m'mafupa amapanga atsopano pafupifupi mabiliyoni 100 tsiku lililonse.

Amene amasunga chikumbukiro cha kachilombo kamodzikamodzi ndi maselo a B ndi maselo a T. Maselo a B amapanga ma antibody, mapuloteni amene amamatirira kachilombo n'kukalepheretsa kulowa m'maselo athu. Maselo a T amakulira mu thymus, kachiwalo kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Ena mwa iwo, a CD8, amapha maselo athu amene kachilombo kalowamo kale. Ena, a CD4, amatsogolera ntchito yonse, ndipo popanda iwo maselo a B sapanga ma antibody abwino. Ntchito ya thymus anaitulukira Jacques Miller mu 1961, ndipo mu 1965 Max Cooper, pofufuza pa nkhuku, anasonyeza kuti maselo a B ndi a T ndi mitundu iwiri yosiyana.

Nanga thupi limazindikira bwanji kachilombo kamene silinakumanepo nako?

Limakonzekeratu. Selo lililonse la B kapena la T lili ndi puloteni kunja kwake, yotchedwa receptor, imene imagwira kachigawo kamodzi kokha ka chinthu chachilendo. Selo likamakula limadula tizidutswa ta DNA yake, malangizo a chibadwa amene ali m'kati mwake, n'kutilumikizanso mwachisawawa, motero receptor yake imatuluka yosiyana ndi ya linzake. Susumu Tonegawa anasonyeza zimenezi mu 1976, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1987. Zotsatira zake n'zakuti m'thupi mwanu muli mamiliyoni ambirimbiri a ma receptor osiyanasiyana, kuphatikizapo ena ogwirizana ndi tizilombo timene simudzakumana nato moyo wanu wonse. Kachilombo kakalowa sikaphunzitsa selo kanthu, kamangodzutsa limene linali logwirizana nako kale. Macfarlane Burnet anafotokoza ganizo limeneli mu 1957.

Kupanga mwachisawawa kuli ndi ngozi yake, chifukwa ma receptor ena amatuluka ogwira thupi lenilenilo. Mu thymus maselo atsopano amayesedwa, ndipo oposa 95 mwa 100 alionse amafera momwemo, ena chifukwa ndi osathandiza, ena chifukwa ndi oopsa. Otuluka ndi ochepa, ndipo ogwirizana ndi kachilombo kena kalikonse amakhala ochepetsetsa, mwina limodzi pa maselo 100,000 kapena kuchepera apo. Ichi ndicho chifukwa chake matenda oyamba amatipweteka: thupi limafunika nthawi kuti ochepawo achuluke.

Chimachitika n'chiyani m'sabata yoyamba ya matenda?

Pamalo pamene kachilombo kalowera pamakhala maselo otchedwa dendritic, amene amatola tizidutswa ta kachilomboko n'kupita nato ku ma lymph node, timibulu timene tikatupa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche timati mwanabere. Maselo a T amadutsa m'timibuluti usana ndi usiku. Limene receptor yake yagwirizana ndi kachidutswa kaja limaima, n'kuyamba kugawikana maola 6 mpaka 8 alionse. Mu mbewa za mu labotale, maselo mazana ochepa amasanduka mamiliyoni m'sabata imodzi yokha.

Choncho mwanabere wopweteka amene wabwera limodzi ndi chilonda kapena zilonda zapakhosi nthawi zambiri ndi chizindikiro choti ntchito ili mkati. Wofunika kukamuonetsa kuchipatala ndi amene sakuphwa kwa milungu ingapo, wolimba, kapena amene akukulirakulira.

Matenda akatha, maselo ochuluka aja amapita kuti?

Amafa. Pa maselo a T 100 alionse amene anachuluka pa nthawi ya matenda, 90 mpaka 95 amafa m'milungu yochepa yotsatira. Sakhala kuti aphedwa ndi kachilombo ayi, amadzipha okha mwadongosolo, m'njira yotchedwa apoptosis. Selo limafota, limaduladula DNA yake, kenako limagawika m'timapaketi timene maselo ena amameza mwakachetechete popanda kutupitsa malowo.

Imfa imeneyi si kuwonongeka kwa chitetezo, ndi mbali ya chitetezocho. Maselo olimbana ndi matenda amatulutsa zinthu zotupitsa ndi zowononga minofu, ndipo akanakhalabe onse akanavulaza mwini wake. Akanadzazanso malo, moti pakanasowa pokhala maselo ofunika pa matenda otsatira. Timaziona mwa ana obadwa ndi vuto mu puloteni yotchedwa Fas, imodzi mwa zimene zimalamula selo kuti life: ma lymph node ndi kapamba wawo zimatupa kwa zaka, ndipo kawirikawiri chitetezo chimatembenukira maselo awo a magazi.

Mlimi sasunga zokolola zonse kuti zikhale mbewu, amapatula zochepa zimene zingapirire mpaka dzinja lina. Maselo 5 kapena 10 otsala aja ndiwo mbewu ya chitetezo. Ngakhale akuoneka ochepa, amakhalabe ochuluka kwambiri kuyerekeza ndi amene analipo matenda asanabwere, ndipo kachilombo kakabweranso sayamba pachiyambi.

N'chiyani chimachititsa kuti selo lina lipulumuke pamene anzake akufa?

M'kati mwa selo lililonse muli mapuloteni okokerana. Ena, monga Bim, amakankhira selo ku imfa. Ena, monga Bcl-2, amaliletsa kufa. Pa nthawi ya matenda, uthenga wochokera kwa kachilombo ndiponso kwa maselo ena umathandiza kuti a moyo apambane. Kachilombo kakatha uthengawo umazima, Bim amakula mphamvu, ndipo selo limene lilibe kwina kopeza chithandizo limafa.

Opulumuka ndi amene amatha kumva uthenga wina wofatsa umene umapezeka m'thupi nthawi zonse, makamaka wa mapuloteni awiri, IL-7 ndi IL-15. Mu 2003 Susan Kaech ndi Rafi Ahmed, ku Emory University, anasonyeza kuti ngakhale matenda ali pachimake, kagulu kochepa ka maselo a CD8 kamakhala kale ndi receptor yambiri ya IL-7, ndipo kaguluko ndi kamene kamadzakhala maselo okumbukira. Maselo amene anasonkhezeredwa kwambiri ndi kutupa, n'kusanduka akupha okhaokha, ndiwo amayamba kufa. Amene anasungako khalidwe la selo laling'ono, lotha kugawikananso n'kubala ena, amakhala. Puloteni yotchedwa TCF1 imathandiza kusunga khalidwe limeneli.

Mfundo iyi ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse pa nkhani ino, ndipo siifotokozedwa mokwanira. Anthu timayeza chitetezo ndi ukali wake, poganiza kuti kutentha thupi kwambiri kapena kupweteka kwa mkono pambuyo pa katemera ndiye umboni woti zagwira. Chitetezo chokhalitsa chimadalira maselo amene anatha kuleka ndewu n'kupuma.

Koma selo lingakhale bwanji ndi moyo zaka makumi?

Choyamba limasintha kadyedwe. Selo limene likuchulukana limameza shuga wambiri n'kumuwotcha mwachangu, chifukwa likufuna zomangira maselo atsopano. Selo lokumbukira limachepetsa zonsezo. Limadalira kwambiri ma mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'kati mwa selo, ndipo limatha kugwiritsa ntchito mafuta. Limadziyeretsanso mwa kugaya tizigawo take totha ntchito n'kutigwiritsanso ntchito. Mu 2009 kafukufuku wa pa mbewa anapeza chinthu chodabwitsa: mankhwala a rapamycin, omwe amaperekedwa pofuna kufooketsa chitetezo, akaperekedwa pang'ono amachulukitsa maselo okumbukira a CD8, chifukwa amachepetsa liwiro la kakulidwe ka selo.

Chachiwiri, limagawikana mwa apo ndi apo kuti gulu lisathe. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2017, anthu olandira katemera wa yellow fever, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, anamwetsedwa madzi okhala ndi chizindikiro chimene chimalowa mu DNA ya selo lililonse logawikana. Zinaoneka kuti maselo okumbukira anachokera kwa amene anagawikana kwambiri m'milungu iwiri yoyamba, koma pambuyo pake ankagawikana osakwana kamodzi pachaka. Kunja ankaoneka ngati maselo amene sanamenyepo nkhondo, koma mu DNA yawo malo okhala ndi malangizo ophera kachilombo anali osatsekedwa, okonzeka kuwerengedwa mwamsanga. Chikumbukiro chimalembedwa pamenepo.

Kodi gulu lotere lingathe kukalamba n'kutha? Akatswiri a ku University of Minnesota, motsogozedwa ndi David Masopust, anatenga maselo a T okumbukira n'kumawasamutsa kuchoka mu mbewa ina kupita mu inzake, n'kumawadzutsa ndi katemera. Anachita zimenezi kwa zaka 10, n'kuwadzutsa maulendo 51, pamene mbewa imakhala zaka ziwiri kapena zitatu. Maselowo sanafooke ndipo sanasanduke khansa. Chimene ankafuna chinali nthawi yopuma yokwanira pakati pa katemera wina ndi mnzake. Zotsatirazi zinatuluka mu 2023.

Akuti ma antibody amatha m'milungu yochepa. Nanga amapezeka bwanji m'magazi patatha zaka 50?

Zonse ziwiri n'zoona. Antibody wa mtundu wa IgG, wochuluka kwambiri m'magazi, amachepa ndi theka pa milungu itatu iliyonse. Amene akupezeka patatha zaka 50 ndi atsopano, opangidwa posachedwa ndi selo lakale.

Nkhani yake imayambira mu lymph node. Maselo a B amene azindikira kachilombo amasonkhana pamalo otchedwa germinal centre, ndipo kumeneko amachita chinthu chimene maselo a T sachita: amasinthanso dala DNA ya receptor yawo. Kusintha kwina kumawononga receptor, kwina kumaipangitsa kugwira kachilombo mwamphamvu. Kenako amapikisana. Tizidutswa ta kachilombo timakhala tochepa, ndipo amene watola tambiri ndiye amalandira chithandizo kwa maselo a CD4. Olephera amafa, opambana amagawikana n'kusinthanso. Zimapitirira chonchi kwa milungu kapena miyezi. Gulu la Ali Ellebedy ku Washington University, mumzinda wa St. Louis, linkatenga timaselo m'khwapa mwa anthu olandira katemera wa COVID-19 wa mRNA, ndipo linapeza kuti mwa ambiri mpikisanowu unali ukuchitikabe patatha miyezi 6.

M'menemo mumatuluka magulu awiri. Ena amakhala maselo a B okumbukira, amene amayendayenda osapanga kanthu mpaka kachilombo katabweranso. Ena amasanduka ma plasma cell n'kupita m'mafuta a m'mafupa. Kumeneko amamatirira ku maselo ena amene amawapatsa uthenga wa moyo, monga puloteni ya APRIL, ndipo amaleka kugawikana. Ntchito yawo imakhala imodzi yokha: kutulutsa ma antibody masauzande pa sekondi iliyonse, kaya kachilombo kalipo kaya kulibe. Malo okhalamo ndi ochepa, choncho si plasma cell aliyense amene amapeza pokhala, ndipo osowa malo amafa m'miyezi yoyambirira.

Kodi maselo okumbukira onse amakhala m'magazi?

Ambiri sakhalamo. Ena amazungulira m'ma lymph node, ena amayenda m'minofu n'kubwerera, koma gulu lalikulu limakhazikika pamalo pamene matenda anachitikira, monga pakhungu, m'matumbo, m'mapapo ndi m'njira ya ziwalo zoberekera, osachokanso. Amenewa ndiwo amayamba kukumana ndi kachilombo kakabweranso, ndipo amatha kuitana anzawo m'maola ochepa. Kuyeza magazi sikuwaona.

Ma antibody anga akatsika, ndiye kuti chitetezo chatha?

Osati nthawi zonse. Kutsika kwa m'miyezi yoyamba n'kwachibadwa, chifukwa ma plasma cell osakhalitsa akufa. Pambuyo pake mlingo umakhazikika. Ngakhale utatsika kwambiri, maselo a B ndi a T okumbukira amakhalapo, ndipo amadzuka m'masiku ochepa. Anthu amene anachira ku SARS, matenda oopsa a m'mapapo amene anabuka mu 2003, anapezeka ndi maselo a T ozindikira kachilomboko patatha zaka 17, pa kafukufuku wa ku Singapore.

Funso lenileni ndi la liwiro la kachilombo. Hepatitis B, kachilombo kotupitsa chiwindi, amatenga milungu yambiri kapena miyezi asanayambe kudwalitsa, choncho maselo okumbukira amamupeza asanachite kanthu, ndipo munthu wobayitsa katemera amatetezekabe ngakhale ma antibody asakuonekanso. Fuluwenza amadwalitsa m'tsiku limodzi kapena awiri. Maselo okumbukira amafika mochedwa kuti aletse chimfine, koma amafika nthawi yabwino kuti achepetse matenda aakulu.

N'chifukwa chiyani katemera wina timabayitsa kamodzi, wina mobwerezabwereza?

Mu 2007 gulu la Mark Slifka ku Oregon linafalitsa zotsatira za magazi a anthu 45 amene ankayezedwa kwa zaka zofika 26. Ma antibody a chikuku ankatsika pang'onopang'ono kwambiri moti, powerengetsa, pakanatenga zaka zoposa 3,000 kuti achepe ndi theka. A kafumbata ankachepa ndi theka pa zaka 11, a diphtheria, matenda oopsa apakhosi, pa zaka 19. Thupi ndi lomwelo, koma zimene linaona ndi zosiyana.

Kachilombo kathunthu kamakhala ndi mapuloteni ofanana ondandalikana ambirimbiri kunja kwake, ndipo selo la B likagwira ambiri nthawi imodzi limalandira uthenga wamphamvu umene umabala ma plasma cell okhalitsa. Katemera wa kachilombo kamoyo kofooketsedwa amachita bwino pa chifukwa chimenechi. Wa yellow fever, amene Max Theiler anapanga m'zaka za m'ma 1930, ndi chitsanzo: mu 2013 bungwe la WHO linanena kuti kubayitsa kamodzi kumateteza moyo wonse. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, alibe kachilombo kamoyo, koma mapuloteni ake amadzisonkhanitsa m'maonekedwe a kachilombo, ndipo mu 2022 WHO inavomereza kuti atsikana angathe kubayitsa kamodzi. Wa kafumbata ndi puloteni imodzi yoyandama yokha, n'chifukwa chake amafuna kubwereza.

Mpata umene umasiyidwa pakati pa jakisoni woyamba ndi wotsatira uli ndi cholinga. Umapatsa nthawi germinal centre kuti imalize kusankha, ndiponso maselo a T kuti apume. Kubayitsa msanga kuposa tsiku loikidwa kungachepetse phindu. Kuchedwa kumasiya munthu wosatetezeka kwa nthawi yaitali, koma pa katemera ambiri sikufuna kuyambiranso, mumangopitiriza pamene munalekera.

Bwanji nanga chimfine ndi malungo sizitisiya?

Pa chimfine thupi silinaiwale, kachilombo ndi kamene kasintha. Tizilombo ta rhinovirus, toyambitsa chimfine wamba, tilipo mitundu yoposa 150. Fuluwenza amasintha mapuloteni ake akunja pang'onopang'ono chaka chilichonse, n'chifukwa chake WHO imasankha mitundu yoika mu katemera kawiri pachaka, mu February ndi mu September. Kachilombo ka chikuku sikangasinthe malo amene ma antibody amagwira popanda kutaya mphamvu yake yolowera m'maselo.

Malungo ndi ovuta kwambiri. Kachilombo ka Plasmodium falciparum kali ndi majini (zigawo za DNA) pafupifupi 60 opangira puloteni imene kamaika kunja kwa selo lofiira la magazi, ndipo kamawagwiritsa ntchito mosinthanasinthana. Thupi likamaliza kupanga ma antibody a puloteni ina, kachilombo kamakhala kayamba kuonetsa ina. Munthu amene wadwala malungo kambirimbiri amapeza chitetezo choletsa matenda aakulu, koma n'chosakwanira, ndipo chimafooka akakhala zaka kumalo kopanda malungo.

Kodi si bwino kungodwala kuti thupi lipeze chitetezo chachibadwa?

Ayi, ndipo pa funso ili sindizengereza. N'zoona kuti matenda ena amasiya chitetezo champhamvu, koma mtengo wake ndi matendawo, amene amapha ndi kulumaza. Ena sasiya chitetezo n'komwe. Poizoni wa kafumbata ndi wamphamvu kwambiri moti mlingo wokwanira kupha munthu ndi wochepa kwambiri kuti udzutse maselo a B, choncho wochira kafumbata amafunikabe katemera. Dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, ali ndi mitundu inayi, ndipo kudwala mtundu wachiwiri kungakhale koopsa kuposa koyamba.

Chikuku chimachita zoipa kuposa pamenepa. Kachilombo kake kamalowa m'maselo okumbukira eni akewo n'kuwapha. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anayeza magazi a ana osabayitsa katemera ku Netherlands asanadwale chikuku ndiponso atachira. Anapeza kuti anataya pakati pa 11 ndi 73 peresenti ya mitundu ya ma antibody amene anali nawo olimbana ndi matenda ena. Mwana amachira chikuku, koma amatsala wosatetezeka ku chibayo ndi kutsegula m'mimba zimene thupi lake linali litaphunzira kale kuthana nazo. Mwa ana olandira katemera wa chikuku kutayika kumeneku sikunaoneke.

Chimachitika n'chiyani kachilombo kakakhala m'thupi osachoka?

Maselo a T amasowa nthawi yopuma, ndipo chikumbukiro chenicheni sichikhwima. Pa matenda okhalitsa monga HIV, hepatitis B ndi C, ngakhalenso khansa, selo limamva uthenga wa nkhondo tsiku ndi tsiku mpaka limatopa. Limachepetsa mphamvu yophera, ndipo kunja kwake kumachuluka mapuloteni oliletsa, monga PD-1. Kutopaku kumatetezako minofu kuti isawonongeke ndi ndewu yosatha, koma kumapatsanso mpata matenda. Tasuku Honjo, amene anatulukira PD-1 mu 1992, ndi James Allison analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa ntchito yawo inabala mankhwala a khansa amene amachotsa zoletsa zimenezi. Amene amadzuka kwambiri ndi mankhwalawa ndi kagulu kochepa kamene kanasungabe TCF1.

Nanga HIV imakhudza bwanji maselo okumbukira?

Imalowa m'maselo a CD4, ndipo imakonda okumbukira. M'milungu yoyambirira imapha ambiri mwa amene amakhala m'matumbo. Munthu wathanzi amakhala ndi CD4 yapakati pa 500 ndi 1,500, ndipo ikatsika pansi pa 200 matenda amene thupi linkawagonjetsa mosavuta amayamba kulowerera.

Chowawa n'chakuti moyo wautali wa maselowa ndi umenenso umabisa kachilomboka. HIV imalowetsa malangizo ake mu DNA ya selo, ndipo selolo likapuma n'kukhala lokumbukira, kachilombo kamagona momwemo. Ma ARV amaletsa kachilombo kuchulukana, koma sakhudza kogona. Mu 2003 gulu la Janet ndi Robert Siliciano ku Johns Hopkins linapeza kuti maselo obisa kachilombowa amachepa ndi theka pa miyezi 44, kutanthauza kuti pangafunike zaka zoposa 70 kuti atheretu. Ichi ndicho chifukwa chake munthu amene kachilombo sikakuonekanso m'magazi ake sayenera kusiya mankhwala. Kuyamba ma ARV msanga kumapulumutsa maselo okumbukira ambiri asanawonongeke.

Kodi makanda ndi okalamba amasiyana bwanji ndi ena?

Khanda limabadwa ndi chitetezo chobwereka. M'miyezi itatu yomaliza ya pakati, mayi amapatsira mwana ma antibody a IgG, ndipo mkaka wa m'mawere umawonjezera a IgA oteteza matumbo. Koma amene wapatsidwa ndi ma antibody okha, maselo owapanga amatsala mwa mayi, choncho amatha m'miyezi ingapo. Akadalipo angathe kufooketsa katemera wa chikuku asanagwire ntchito, n'chifukwa chake katemerayu amadikira miyezi 9 m'mayiko ena, miyezi 12 m'mayiko ena.

Kwa okalamba, thymus imakhala itafota n'kudzaza mafuta, ndipo maselo a T atsopano amachepa. Chikumbukiro chakale chimalimba, koma kuphunzira kachilombo katsopano kumavuta. Ngakhale chakalecho chimatha kulekerera. Kachilombo ka katsabola kamagona m'mitsempha kuyambira ubwana, kakuyang'aniridwa ndi maselo a T, ndipo iwo akafooka kamadzuka n'kuyambitsa mashingozi.

Pali mankhwala kapena zakumwa zowonjezera chitetezo chotere?

Palibe chakumwa chimene chingapange selo lokumbukira kachilombo kamene thupi silinakaone. Chimene chilipo n'kupewa zofooketsa. Kuperewera kwa zakudya m'thupi kumafotetsa thymus ya mwana. Shuga wosasamalidwa, fodya, mowa wambiri ndi kusagona mokwanira zimachepetsa mphamvu ya chitetezo. Munthu amene ali pa mankhwala a khansa kapena ena ofooketsa chitetezo akambirane ndi dokotala za nthawi yoyenera kubayitsa katemera. Amene anaikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina amataya chikumbukiro chambiri, ndipo amabayitsanso katemera wa ubwana kuyambira pachiyambi.

Kodi chikumbukiro chimenechi chingavulaze mwini wake?

Chingathe, chifukwa njira yosungira selo siyang'ana ngati chimene selolo likukumbukira n'choyenera. Munthu amene thupi lake linalakwitsa n'kuona mankhwala a penicillin kapena ululu wa njuchi ngati mdani angathe kudwala mwadzidzidzi akakumananso nazo patapita zaka. Pa nthenda ya khungu ya psoriasis, zigamba zimabwerera pamalo omwe aja chifukwa maselo a T okhazikika pakhungupo sanachoke.

Pa matenda monga lupus, amene chitetezo chimaukira thupi lake lomwe, ma plasma cell opanga ma antibody olimbana ndi thupi amapeza malo m'mafuta a m'mafupa mofanana ndi abwino aja, ndipo kuwachotsa n'kovuta. Sagawikana, choncho mankhwala opha maselo ogawikana sawakhudza kwenikweni. Mankhwala a rituximab amapha maselo a B pogwira puloteni ya CD20, koma ma plasma cell okhalitsa alibe puloteniyi. Kwa wodwala zimenezi zili ndi mbali ziwiri: ma antibody ake a kafumbata ndi chikuku amatsala ngakhale maselo a B atha m'magazi, koma ena oipa aja amatsalanso. Mankhwala amene amafikadi kwa ma plasma cell anapangidwira khansa ya maselo amenewa, multiple myeloma, ndipo ena amagwira BCMA, receptor imene ma plasma cell amalandirira uthenga wa APRIL. Odwala amene amalandira mankhwalawa amatayanso ma antibody abwino, moti ambiri amafunika kumapatsidwa ma antibody ochokera m'magazi a anthu ena mpaka maselo awo atabwerera.